Printa ya laser ikuzimitsa inveta: moto wonsewu ukupita kuti?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Amisiri ndithandizeni nzeru. Pa shopu yanga ndimasindikizira anthu ma CV, makalata ndi mayeso a sukulu za pulaimale zozungulira kuno. Magetsi akathima ndimadalira sola: batire limodzi la 12V ndi inveta yolembedwa 1000W. Laputopu, mababu ndi mafoni otchajitsa zonse zimayenda bwinobwino. Koma ndikangotumiza ntchito ku printa ya laser, inveta imalira kenako n'kuzima, pepala n'kutsakamira m'kati. Chondizunguza mutu n'chakuti pakatoni pake pali chizindikiro cha Energy Star, ndipo wondigulitsa anati siidya magetsi. Ndiye yawonongeka kapena?

Gama wa ku Mzimba: Siinawonongeke mayi. Yanga ndikaiyika pa jenereta yaing'ono, jenereta imasintha kaliridwe printa isanakoke n'komwe pepala.

Mbewe Wokonza Makina: A Nachisale, printa yanu ili bwino. Nkhani yagona pa mmene laser imamatira zilembo papepala. Tona si inki, ndi ufa wosalala kwambiri wa pulasitiki wosakaniza ndi zodetsa. Ufa umenewu ukafika papepala sugwira pawokha. Kuti ugwire uyenera kusungunuka, ndipo ntchito imeneyo ndi ya fuser, chigawo chomwe pepala limadutsa likatsala pang'ono kutuluka. Fuser imatentha kufika madigiri pafupifupi 180 mpaka 200. Tingoti muli ayironi m'kati mwa printa yanuyo, n'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda.

Zina zonse zili m'menemo zimadya pang'ono. Laser yeniyeniyo ndi kababu kakang'ono kotchedwa diode, kosafika ngakhale wati imodzi. Mamota, fani ndi mabolodi (timatabwa tokhala ndi tizipangizo tamagetsi) mukaziphatikiza zonse sizifikako pa fuser. Printa yaing'ono ya padesiki ikamasindikiza imakoka mawati pafupifupi 300 mpaka 500, koma m'masekondi oyamba, fuser ikadali yozizira, imatha kuyandikira 1000.

Tsopano onani mbali ya batire. Inveta ikamatulutsa mawati 800, ku batire la 12V ikuyenera kukoka ma amp 67, ndipo amapitirira pamenepo chifukwa inveta nayo imataya moto wina. Batire limodzi, makamaka lotopa kapena la mawaya oonda, mavolti ake amagwa nthawi yomweyo. Inveta ikaona kugwako imalira n'kudzizimitsa podziteteza.

Nachisale: Zoonadi, pepala lotsakamira lija ndikalitulutsa theka limakhala logwira bwino, theka linalo ndikangokhudza chala chimada bii, zilembo n'kufufutika. Ndiye kuti thekalo linali lisanafike pa fuser eti? Nanga Energy Star ija ananama?

Aphunzitsi Kalua: Sananame mayi, kungoti zinthu ziwiri zimasokonezedwa. Pali kuchuluka kwa moto womwe chinthu chikukoka pa nthawi imeneyo, omwe ndi mawati, ndiye pali moto wonse womwe chatha pakutha pa tsiku, omwe ndi mayunitsi timagulawa. Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze printa ikukoka mawati 400 ndipo imatulutsa mapepala 20 pamphindi. Mapepala 100 atenga mphindi 5. Mawati 400 kwa mphindi 5 ndi ma watt-hour 33 okha, ndipo yuniti imodzi ili ndi ma watt-hour 1000. Ndiye kuti mukasindikiza mosadukiza, yuniti imodzi ikhoza kukutulutsirani mapepala pafupifupi 3000. Kumita simumvako kuwawa. Koma inveta siwerenga za pamwezi, imaona zomwe zikukokedwa pa sekondi imeneyo.

Energy Star inayamba ku America mu 1992 pansi pa bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA. Pa maprinta a laser, chomwe amayeza ndi moto womwe makina angathe pa sabata yonse, kuphatikiza nthawi yosindikiza, yodikira ndi yogona. Printa ikhoza kulandira chizindikirocho ngakhale imakoka kwambiri ikamayamba, bola nthawi yonse yotsalayo izidya pang'ono.

Wa ku Joni: Ndiwonjezepo apa. Kuno ku Johannesburg nthawi ya load shedding anthu ambiri anathamangira ma inveta otchipa, ndipo maprinta a laser anavutika. A Nachisale, yang'anani pa inveta yanu ngati palembedwa pure sine wave kapena modified sine wave. Nkhani si kukula kokha ayi.

Nachisale: Palembedwa modified, achimwene.

Wa ku Joni: Ndiye musayikeponso printayo, ngakhale itapanda kuzima. A Mbewe afotokoza bwino kuposa ine.

Mbewe Wokonza Makina: Akunena zoona. Fuser siidya moto wochepetsedwa ngati mabolodi, imalandira 230V ya kukhoma mwachindunji. Chomwe chimaiyatsa ndi kuizimitsa ndi triac, ka switch kopanda chogwedezeka chilichonse. Magetsi athu ndi a 50Hz, kutanthauza kuti amakwera ndi kutsika n'kudutsa pa ziro ka 100 pa sekondi. Printa ili ndi kachigawo kolondola nthawi yomwe akudutsa pa ziropo, ndipo bolodi limawerengera kuchokera pamenepo kuti triac itsegule liti komanso kwa nthawi yotalika bwanji. Pa fuser pali thermistor yomwe imauza bolodi kuti patentha motani. Kukachepa limawonjezera, kukakwana limadula. N'chifukwa chake m'nyumba zina babu limaphethira printa ikamagwira ntchito.

Inveta ya modified siitulutsa moto wokwera ndi kutsika bwinobwino, imachita kudumpha masitepe, n'kuima kaye pa ziro. Kawerengedwe kaja kamasokonekera. Ena printa imangolemba vuto la fuser n'kukana kugwira ntchito, ena triac kapena bolodi la moto limapsa. Ngakhale opanga ma UPS, mabokosi a batire omwe amapatsa kompyuta moto magetsi akathima, amalemba m'mabuku awo kuti printa ya laser isalumikizidwe ku masoketi a batire.

Inuyo mayi njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi inveta ya pure sine wave ya 1500W kupita m'mwamba, makamaka ya 24V yokhala ndi mabatire awiri, chifukwa mavolti akawirikiza ma amp amatsika ndi theka. Yachiwiri ndi kugula printa ya inki (inkjet) ya matanki kuti izigwira ntchito magetsi akathima. Imeneyo siitenthetsa pepala, imadya mawati pafupifupi 10 mpaka 20 basi. Laser izidikira magetsi pa ntchito zazikulu ngati mayeso aja.

Nachisale: Zikomo kwambiri a Mbewe. Yachiwiriyo ndi yomwe thumba langa lingakwanitse.

Anaphiri a mu Ofesi: Ndilowerepo ndi funso langa poti nkhani yake ndi yomweyi. Abwana athu analamula kuti aliyense akamaliza kusindikiza azizimitsa printa pakhoma, ati tikutaya mayunitsi. Ndiye tsiku lonse ndi yatsa zimitsa, yatsa zimitsa. Printa yake ndi ya colour, ndipo ikayaka imayamba yalira nthawi yaitali isanavomere ntchito. Kodi tikusungadi magetsi?

Mbewe Wokonza Makina: Ayi achemwali, mwina mukuwononga ochulukirapo. Printa ili ndi makhalidwe atatu. Pali kusindikiza, komwe tafotokoza kale. Pali kudikira, pomwe mabolodi onse ali maso ndipo maprinta ena amasunga fuser yofunda. Ndiye pali kugona, komwe amalemba sleep. Ikagona, fuser imazimiratu, 24V ya mamota imadulidwa, fani imaima, sikilini imathima. Chotsala ndi kachigawo kochepa ka bolodi la moto ndi ka chip komvetsera ku USB kapena ku netiweki ngati ntchito ikubwera. Maprinta aang'ono a masiku ano akagona amadya pafupifupi wati imodzi, ena osafika n'komwe. Wati imodzi usana ndi usiku kwa masiku 30 ndi mayunitsi 0.72.

Kulira mukumvako ndi printa ikudzikonza. Ya colour ikayatsidwa imatenthetsa fuser, imazunguza ma drum onse anayi (marola omwe tona imayamba kugwirapo isanafike papepala) ndi lamba wake, kenako imajambula timadontho ta tona palambapo n'kutiyeza kuti mitundu igwirizane. Zimenezo zimadya moto ndi tona yomwe. Mukabwereza kambirimbiri patsiku mukutha tona yosafika papepala lililonse. Auzeni abwanawo mwaulemu kuti alowe m'ma settings, ayike kuti izigona pakatha mphindi imodzi kapena zisanu, ndipo pakhoma muzizimitsa poweruka.

Madala Jere: A Mbewe mwanena bwino, koma ine ndikufuna mawu akuti poweruka aja amveke kwambiri. Anyamata ambiri akamva kuti kugona kumadya wati imodzi amasiya printa pasoketi usiku wonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Ku Ulaya mwina zimatheka. Kwathu kuno magetsi akathima amabwera ndi mphamvu, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo kuli ziphaliwali. Printa yogona ndi yolumikizidwabe. Ngakhale batani lakutsogolo lija pa maprinta ambiri atsopano silidula 230V, limangouza bolodi kuti lipume. Mabolodi a moto omwe ndasintha m'moyo wanga, ambiri anapsa usiku kulibe munthu. Mtengo wa bolodi limodzi mungagulire mayunitsi a zaka zingati za kugonako?

Mbewe Wokonza Makina: Pamenepo sitikutsutsana madala. Ine ndimakana za yatsa zimitsa wa masana uja.

Madala Jere: Tikutsutsana pang'ono. Inu mwati kuzimitsa pakhoma, ine ndikuti kuzula pulagi. Ndipo mvula ikamagunda azulenso chingwe cha netiweki, chifukwa mphenzi imalowera kumenekonso n'kuotcha formatter, bolodi lomwe chingwecho chimalowapo. Chinanso, asazule printa ikangomaliza ntchito yaikulu. Adikire fani isiye kulira, kenako adine batani, kenako azule. Kutentha kwa fuser kukatsekeredwa m'kati popanda mphepo kumafika pa katiriji ya tona, ndipo tona ndi pulasitiki yomwe inapangidwa kuti izisungunuka msanga.

Anaphiri a mu Ofesi: Ndamva madala. Ndikawaonetsa abwana mawa, makamaka za tonazo poti ndi zomwe amadandaula mwezi uliwonse.

Tiyamike MUBAS: Pepani akuluakulu, ine ndine mwana wa sukulu, ndikuphunzira zamagetsi. Mukutchula mabolodi osiyanasiyana, formatter, bolodi la moto. M'kati muli angati, ndipo lililonse limachita chiyani?

Mbewe Wokonza Makina: Funso labwino Tiya. Tsatira pepala limodzi kuchokera pa kompyuta. Ntchito imafikira pa formatter, lomwe lili ndi masoketi a USB ndi netiweki. Limeneli ndi kompyuta payokha, lili ndi purosesa ndi memory, ndipo limasandutsa tsamba lonse kukhala timadontho. Pa 600 dpi, inchi imodzi ili ndi timadontho 600 chopingasa ndi 600 chotsika, ndiye tsamba la A4 lili ndi timadontho pafupifupi 35 miliyoni. Likamaliza limauza bolodi lachiwiri, lomwe ena amati DC controller ena engine controller, kuti yamba. Ili ndi lomwe limalamula mamota, limamvera masensa a pepala, limayang'anira fuser ndi laser.

Bolodi la moto limatenga 230V n'kutulutsa 24V ya mamota ndi 5V kapena 3.3V ya ma chip. Kuchokera pa 24V yomweyo pali chigawo china chokweza moto kufika mavolti mazanamazana mpaka kupyola 1000, koma ma amp ake ndi ochepetsetsa. Moto umenewu ndi womwe umanyamula tona. Rola yaing'ono imapaka drum yonse chaji ya negative, pafupifupi mavolti 600. Drum ili ndi khungu lomwe limasunga chaji mumdima koma kuwala kukaligunda limaitaya. Laser imawombera pa kagalasi ka mbali zingapo komwe kamazungulira maulendo masauzande ambiri pamphindi, ndipo kulira kokwera ngati mluzu komwe umamva printa ikamayamba ndi mota ya kagalasi kameneka. Mbali iliyonse ya galasi imasesa mzere umodzi pa drum, laser ikuyaka ndi kuthima motsatira timadontho tija. Kumayambiriro kwa mzere kuli sensa yomwe kuwala kumaigunda, kuti mizere yonse iyambire pamalo amodzi.

Pomwe laser yagunda, chaji yachepa. Tona nayo ili ndi chaji ya negative, ndiye imakanidwa paliponse kupatula pomwe pagundidwapo. Pepala likamadutsa, rola ina kumbuyo kwake imapatsidwa positive n'kukokera tona papepala. Kenako fuser.

Tiyamike MUBAS: Ndiye kuti ikagona, pa zonsezi chotsala chamoyo ndi mbali ya formatter yokha?

Mbewe Wokonza Makina: Eya, ndi kambali ka bolodi la moto kokadyetsa.

Madala Jere: Mwana wanga Tiya, uli ndi mwayi kuti wayambira pa makina a masiku ano. Nzeru ya laser printa inachokera kwa Gary Starkweather wa ku Xerox mu 1969, ndipo oyambawo anali makina aakulu odzaza chipinda, monga Xerox 9700 ya mu 1977. Yokhala padesiki yomwe inatchuka ndi HP LaserJet ya mu 1984, ndipo injini yake inali ya Canon. Makina omwe ife tinakulira nawo, fuser yake inali rola yochindikala ya aluminiyamu yokhala ndi babu lalitali la halogen m'kati. Kuti chitsulo chonsecho chitenthe zinkatenga nthawi, ndiye printa inkachisunga chotentha tsiku lonse. Umakhala mu ofesi muli zii, n'kumva kuti tha, babu layaka, patapita kanthawi lazima, mpaka madzulo, opanda pepala ngakhale limodzi lotuluka. Ukayika dzanja pamwamba pake panali pofunda nthawi zonse. Moto wambiri unkapita pamenepo.

Chomwe chinasintha zinthu ndi fuser ya film. M'malo mwa rola yachitsulo anayika kachubu kopyapyala kwambiri kozungulira pa kambale kakatali ka ceramic komwe ndi hita. Palibe chitsulo chambiri chotenthetsa, ndiye masekondi ochepa yafika kale. Canon anaitcha on-demand, HP anaitcha instant-on. Popanda imeneyo kugona kukanakhala kovuta, chifukwa palibe akanalola kudikira nthawi yaitali pa kalata imodzi. Koma ndi yomweyonso yomwe imagwetsa inveta, poti kutentha msanga kumafuna moto wambiri nthawi imodzi. Ndipo filmyo ndi yosakhwima. Sitepulo imodzi yoiwalika papepala imaing'amba. Enanso pepala likatsakamira amatokosa ndi mpeni kapena sizasi, ndipo ntchito imathera pomwepo.

Gama wa ku Mzimba: Madala, nanga yanga siigona ngakhale ndinayika mphindi zisanu. Sikilini imangoyaka usiku wonse.

Wa ku Joni: Ili pa Wi-Fi kapena pa chingwe cha netiweki? Makompyuta ena ali ndi kapulogalamu kofunsa printa pafupipafupi kuti tona yatsala yochuluka bwanji, ndipo maprinta ena amadzuka nako. Zulani netiweki kwa ola limodzi muone. Ikagona, vuto lili ku makompyuta. Onaninso ngati palibe uthenga wa vuto, monga pepala latha kapena chitseko sichinatsekeke, chifukwa ena sagona mpaka vutolo litachotsedwa.

Gama wa ku Mzimba: Ili pa Wi-Fi, ndipo malaputopu atatu amaiona. Ndiyesa usiku uno.

Aphunzitsi Kalua: Ndifunseko inenso. Kusukulu kwathu tinalandira printa kuchokera kwa mwana wathu wakale yemwe ali ku America. Laputopu yomwe anatumiza limodzi ikugwira ntchito ndi adaputala chabe. Printayi tiyike adaputala yomweyo?

Mbewe Wokonza Makina: Chonde aphunzitsi musayike! Werengani kaye chikwangwani chakumbuyo. Tchaja ya laputopu imalembedwa 100-240V, imalandira paliponse. Maprinta a laser ambiri amapangidwa padera, ena 110-127V ena 220-240V, chifukwa cha fuser yomweyi ndi bolodi la moto. Ya ku America mukaiyika pa 230V yathu, imaphulika musanasindikize kalikonse. Adaputala imasintha maonekedwe a pulagi basi. Pamafunika thiransifoma yotsitsa moto, ndipo ikhale ya 1500W kupita m'mwamba, osati tija tating'ono ta mawailesi.

Aphunzitsi Kalua: Palembedwa 110-127V. Mwatipulumutsa, anyamata amafuna kuiyatsa Lolemba.

Nachisale: Funso lina laling'ono. Pali polembedwa toner save. Pamenepo pamasunganso magetsi?

Mbewe Wokonza Makina: Pamenepo ndi pa tona pokha mayi, fuser imatentha chimodzimodzi. Chomwe chimasunga moto ndi kuunjika ntchito. Mapepala 30 otuluka nthawi imodzi amadya pang'ono kuposa mapepala 30 otuluka limodzilimodzi tsiku lonse, chifukwa lililonse limafuna fuser itenthe kuchokera pozizira. Komanso mtundu wa pepala muziyika woona. Mukayika heavy kapena cardstock pomwe pepala ndi wamba, printa imachedwetsa pepala kapena kuwonjezera kutentha popanda chifukwa. Nthawi ya mvula mapepala muzisunga m'pulasitiki yake. Pepala lachinyezi limamwa kutentha kwa fuser, limatuluka lopindika, nthawi zina mumaona ngati utsi pomwe ndi nthunzi chabe.

Tiyamike MUBAS: Kunyumba kuli printa yakufa yomwe imalemba vuto la fuser. Ndikufuna kuitsegula ndiphunzirirepo. Mnzanga akuti pali ka fyuzi pa fuser komwe kakaduka umangolumikiza ndi waya basi n'kuyaka.

Mbewe Wokonza Makina: Tsegula uphunzire, koma zula pulagi ndipo udikire. Pa bolodi la moto pali capacitor yaikulu yomwe imakhala ndi mavolti pafupifupi 325, ndipo imatha kuwasunga ngakhale wazula. Yeza ndi mita usanagwire. Bokosi la laser usaliyatse lili lotsegula, kuwala kwake ndi infrared, sukuona koma diso limapsa. Ka switch ka pachitseko komwe kamadula 24V ukatsegula anakayikira zomwezo, usakatsekereze ndi kapepala. Drum usaisiye padzuwa. Tona ikakugwera pa malaya sasa kaye kenako chapa ndi madzi ozizira, otentha amaimatiratu.

Madala Jere: Za wayazo Tiya usayerekeze, ndipo mnzakoyo umuuze kuti ndanena ine. Kameneko ndi thermal fuse, mlonda womaliza. Thermistor ikanama, kapena triac ikafa ili yogwirana n'kumangodutsitsa moto, fuser imatha kulandira 230V mosalekeza, bolodi osaidula. Chotsala chodula ndi kafyuzi kameneko. Kakaduka ndiye kuti panatentha kupyola muyeso, ndipo chomwe chinatenthetsacho chikadalipo. Ndinaonapo printa yomwe wina analumikiza choncho: pulasitiki yonse yozungulira fuser inasungunuka n'kudontha pathebulo, m'chipinda chodzaza mapepala. Yamba wayeza hita ngati siinaduke, yeza thermistor uone ngati nambala ikusintha ukaifunditsa ndi chala, kenako yeza triac pa bolodi ngati siinagwirane. Ukapeza chomwe chinayambitsa, ugule fyuzi ya madigiri ofanana ndi omwe alembedwa pa yakaleyo. Ukayeza utumize manambala pano tione limodzi.